Kudikira Anduna

Lolemba, 25 Juni 2001

Nawu uthenga wa maliro. Ine Modesta Nambewe, wokhala ku Madaraka mu Nairobi muno koma kwathu ndi ku Mponela, ndikudziwitsa abale kulikonse kumene ali kuti shuga wa mu tiyi wanga watisiya lero m'mawa, atanditumikira mokhulupirika zaka 43. Malemuwa asiya kapu imodzi, masupuni atatu ndi namfedwa mmodzi. Mwambo wonse wachitikira pa bedi nambala 4, wodi ya amayi oyembekezera. Nkhata sitikulandira. Fanta ndiye musayerekeze n'komwe.

Tsopano zenizeni. Andigoneka. Pakati panga pakwana masabata 34. Shuga wa m'magazi ali pa 12.4 nditadya, pamene Dr Mutiso akufuna asamapitirire 7. BP 150/95. Andiyambitsa insulini, mayunitsi 8 m'mawa, 6 madzulo. Sikani ikusonyeza kuti mwana wakula kuposa masabata ake, madzinso achuluka. Adokotala aika tsiku: pa 17 Julayi andichita opaleshoni. Akuti ntchito yanga ndi imodzi yokha, kumufikitsa mwanayu pa 17 ali moyo.

Dzina alibe. Kwathu satcha dzina munthu asanaoneke nkhope, ndipo kunyumba kulibe ngakhale thewera limodzi. Ine ndimangoti Anduna: abwera mochedwa, amadya za eni ake, anenepa, ndipo tonse taimitsa ntchito kuwadikirira.

Kope ili andigulira amuna anga a Reinford kuti ndizilembamo manambala. Aiwala kuti anakwatira munthu amene sangalembe nambala osaiikira ndemanga.

Lachiwiri, 26 Juni

Moyo wa muno: kusanache bwino amakudzutsa kuti akufunse ngati unagona. Kubaya chala kanayi pa tsiku. Jakisoni pantchafu. Tiyi wozizira mtima, ndi buledi wopyapyala woti ukamuyang'anitsa dzuwa limadutsa. Masana masamba otchedwa sukuma, nyemba ndi ugali, nsima ya kuno, wolingana ndi chibakera cha mwana wa sitandade wani. Pakati pa zonsezi ndiziwerenga kuti Anduna agunda kangati. Akapanda kukwanitsa khumi pofika masana, ndiitane anamwino. Lero akwanitsa teni koloko isanakwane. Sindinamvepo nduna ikumaliza ntchito nthawi isanakwane, koma izi ndadzionera.

Pa bedi 3 pali Immaculata, zaka 23, amagulitsa kaunjika pa msika ku Kawangware, kwawo ndi ku Siaya. Matenda athu ndi amodzi, koma iye jakisoni alibe, kungomuchepetsera chakudya shuga wake amamvera. Dzulo atandiona ndikulongedza mu loka anandifunsa mwaulemu kuti mwana wanga amene ndabwera kudzamudikirira ali pa bedi iti. Ndinangotsegula chitenje. Anagwira pakamwa, n'kunena "pole" katatu, pepani wa kuno, kenaka anaseka mpaka bedi kugwedera. Ndamukonda.

Shuga 10.9.

Lachinayi, 28 Juni

Dr Mutiso anabwera ndi ophunzira asanu ovala zoyera. Anaima pakati pa bedi 3 ndi bedi 4 ngati munthu wogula mbuzi, n'kuwafunsa kuti amayi awiriwa, a matenda amodzi, akusiyana pati. Kamnyamata kena ka magalasi kanayang'ana mapepala, kanayang'ana ine, kenaka kanati: zaka makumi awiri. Anakayamikira.

Ine anandiwerenga ngati chikwangwani cha pa msewu. Zaka 43. Pakati pachitatu, pawiri panapita padera. Shuga. BP. Anafotokoza kuti shuga amanenepetsa mwana koma mapapo ake amachedwa kukhwima, ndiye kumutulutsa msanga n'kumupatsa mavuto a kupuma. Koma kwa mayi wamkulu, makamaka BP ikalowapo, nsengwa imatopa msanga, imatha kuleka kudyetsa mwana osachenjeza munthu. Kufulumira n'koopsa, kuchedwa n'koopsa. Pa 17 ndiye pamene adokotala aona kuti ndi pakatikati.

Ndinawauza kuti zonsezi ndikuzidziwa. Ntchito yanga ku bungwe lathu ndi ya chiwerengero cha anthu, ndipo zaka khumi ndakhala ndikundandalika amayi a mu Afirika m'mizere, molingana ndi zaka zawo. Mzere wa zaka 40 mpaka 44 umakhala kumunsi kwa tsamba, ndipo ndimauikira kanyenyezi kotanthauza kuti amayi ake ndi ochepa, owerenga asadalire kwambiri. Sindinaganizepo kuti kumunsiko kumakhala anthu a mapazi otupa. Pano ndasamukira komweko, ndi kanyenyezi kanga.

Ndinawafunsa Dr Mutiso kuti mwayi wanga ndi wotani. Anati ambiri a msinkhu wanga amatuluka muno atanyamula mwana. Ndi zoona, ndinazilembapo ndekha. Vuto la chiwerengero n'lakuti chimanena kuti angati, sichinena kuti ndani.

Insulini akweza, 10 ndi 8.

Lamulungu, 1 Julayi

Dziko la Malawi linafika atatuluka ku tchalitchi, motsogozedwa ndi amayi a Rosina a ku Ngong. Amuna awo amaphunzitsa zaubusa, koma iwo ndiwo mayi wa Amalawi tonse mu Nairobi. Palibe anawasankha ndipo palibe angawachotse. Ukachira ndi iwo, ukafuna ankhoswe ndi iwo, maliro akachitika ndi iwo amene amadziwa kuti bokosi limakwera bwanji ndege.

Mmalawi sangazonde wodwala chimanjamanja, ndipo wodwala amene amamudziwa ndi wa malungo. Choncho pa loka yanga panafika Fanta, mabisiketi, mandasi, ndi botolo la Sobo limene wina analisunga chichokereni ku Lilongwe. A Rosina anabweretsa thobwa, akuti lopanda shuga. Nditawapanikiza anavomera kuti anathiramo pang'ono pokha, kuti limveke. Zonse zapita kwa anamwino. Immaculata anaperekeza Sobo ndi maso mpaka pakhomo.

A Reinford analakwitsa kuulula kuti anaima pa sitolo ina mtauni kuyang'ana kabedi ka mwana. Kuyang'ana chabe. A Rosina anawadzudzula pamaso pa anthu kuti bambo a zaka zawo sayenera kuchita zachibwana, zinthu za mwana sizigulidwa mwini wake ali m'njira. Amuna angawo, mkulu woyang'anira mabuku a ndalama a bungwe lonse, anaweramitsa mutu ngati wagwidwa akuba mango.

Potsanzika a Rosina anandilimbikitsa kuti Sara anabereka ali ndi zaka 90. Ndinati Sara sanamuyeze shuga. Anati pakamwa pangapa ndi pamene panandichedwetsa kukwatiwa. Anandipempherera atagwira mapazi anga otupawo, ndipo manja awo anali ofunda.

Lachiwiri, 3 Julayi

Mutu. BP 160/100, awonjezera mapiritsi. Andibaya jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana, kuti mwina angafunike kumutulutsa tsiku lisanakwane. Jakisoniyo wakweza shuga mpaka 14. Insulini 14 ndi 12. Chokonza uku chikuwononga uku, ngati boma.

Anduna agunda khumi, koma mochita kukakamizidwa.

Kukuzizira. Dzuwa silinatuluke.

Lachinayi, 5 Julayi

Immaculata wachira. Matenda anamuyamba m'mawa akundisimbira za mayi wina amene amakanganirana naye malo pa msika, ndipo pofika masana anali atamaliza, ngati munthu wopita kukatunga madzi. Mwana wamkazi, makilo 3.8, dzina Deborah. Amutengera ku chipinda cha makanda chifukwa shuga wake watsika, akuti zimachitika kwa ana a amayi ngati ife, zimatha.

Anamwino ayamba kale kumuitana kuti Mama Deborah. Kuno ngati kwathu, ukabereka dzina lako limapita ku tchuthi. Ine zaka 43 ndikadali Modesta, ndipo ku misonkhano ya amayi achimalawi, kumene aliyense ndi make uje, dzina langa limamveka ngati la mwana wasukulu amene walowa m'chipinda cholakwika.

Immaculata anandifunsa kuti mimba ndimailankhula kuti chiyani. Nditamumasulira za Anduna anaseka mpaka kugwira pamimba, n'kuti basi, kuyambira lero ndine Mama Waziri, poti nduna m'Chiswahili ndi waziri. Ndinamuletsa, ndinati kwathu satero mwana asanabadwe. Anati kuno si kwanu.

Lachisanu, 6 Julayi

Tsiku la ufulu wa dziko lathu. Amalawi asonkhana kwa a Rosina ku Ngong, ndipo anditumizira keke ya mitundu ya mbendera. Ndaipatsa sawatcha, yapita kwa anamwino.

A Reinford sanapiteko. Anakhala pa mpando pambali panga akuwerenga nyuzipepala imene sanaitembenuze tsamba. Anati, "Nambewe, tikanakumana kale." Ndinati kale lija ndinali wokwatiwa. Bambo anga ankati mwamuna wanga woyamba ndi sukulu, ndipo ndinakhala naye mokhulupirika, ku Zomba, kenaka ku Mangalande, mpaka anandipatsa mapepala awiri okhoma pakhoma. A Reinford anandipeza ndili ndi zaka 38, iwo ali ndi imvi kale. Sindikudandaula. Anzanga amene anakwatiwa tili fomu thu ena ali ndi zidzukulu, ena tinawaika kalekale. Palibe anandinamiza, ndipo atandibwezera m'mbuyo mwina ndikanayendanso njira yomweyi. Kungoti thupi silinapite nane ku sukuluko, linatsala likuwerenga zaka zake palokha.

Anaika dzanja pamimba panga, mwamanyazi, atayang'ana kaye ngati anamwino akuona. Anduna anawamenya chidendene chimodzi champhamvu. Ndinati mwachotsedwa ntchito. Anaseka, kenaka anatuluka panja kukapukuta magalasi nthawi yaitali.

Shuga 8.2. BP 145/90.

Lamulungu, 8 Julayi

Shuga 6.4, 6.9, 6.1. Dr Mutiso anati ndine wophunzira wabwino. Ndinati ndi matenda anga akale amenewo.

Immaculata akadali muno, Deborah wagwidwa ndi chikasu, amugoneka pansi pa nyale. Mng'ono wake wa Immaculata anabwera kuchokera ku Kawangware ndi thumba la zovala za makanda zosankha pa belo. Immaculata anatulutsamo kachipewa koluka, kachikasu, kokwana pa chibakera changa, n'kundiponyera pa bedi. Anati Julayi wa Nairobi salemekeza nduna. Ndinati sindingalandire. Anati sindinagule, ndiye mwambo wanga sunathyoke, ndipo anatembenukira kukhoma.

Mtsikanayu akanakhala loya. Ndakabisa pansi pa matawulo mu loka, kuopa a Rosina. Ndakatulutsa kawiri kungokayang'ana.

Kwatsala sabata imodzi ndi masiku awiri.

Lachiwiri, 10 Julayi

Nditamwa tiyi sanagunde. Ndinagonera kumanzere monga anandiphunzitsira. Ndinamwa madzi ozizira. Ndinawalankhula. Sindinadikire masana.

Anamwino anamvetsera ndi kachitoliro kawo, anasuntha, anamvetseranso. Anabweretsa makina. Anati mwina mabatire. Anandikankha pa njinga kupita ku sikani.

Dr Mutiso anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenuza kanemayo kuti ndisaone. Anavula magalasi.

Dzulo madzulo mtima unkamveka bwinobwino, ndinaumva ndekha.

Shuga wa m'mawa uno 5.8. Nambala yabwino kuposa zonse chibwerere muno.

Lachinayi, 12 Julayi

Anandiyambitsa matenda ndi diripi. Ndinachira dzulo masana. Wamwamuna, makilo 3.6. Andisamutsira ku kachipinda ka ndekha, kutali ndi kulira kwa makanda, koma khoma ndi lopyapyala.

Anamwino anandifunsa ngati ndikufuna kumuona. Ndinati inde. Tsitsi lambiri. Makutu a a Reinford, otambalala ngati zogwirira za poto. Palibe chimene chinasowa pa iye.

Dr Mutiso akuti nsengwa inali yaing'ono ndi yotuwa m'mbali, inatopa. Anati akhala akudzifunsa ngati akanamutulutsa Lolemba. Ndinati nanenso. Ndinawalemekeza kuti sanapeke yankho.

M'mawa uno a Rosina anabwera ndi amayi ena awiri, atavala zitenje, opanda Fanta. Anatseka chitseko n'kundilangiza motsitsa mawu. Uyu ndi mtayo, si maliro. Salengeza, saimba nyimbo, sakhoma bokosi. Amakataya ndi amayi okhaokha, bambo sapondako, mayi wake sapitako. Dzenje limakhala losaya, chifukwa kukumba kwambiri n'kukwirira ubereki wa mayi. Ndipo koposa zonse, ndisalire. Misozi imatseka njira ya wina wobwera m'mbuyo.

Zonsezi ndinkazidziwa, ndinakulira ku Mponela. Ndinalembapo ngakhale ndime yonse mu lipoti, yofotokoza chifukwa chake ana otere sapezeka m'chiwerengero cha boma.

A Rosina anandigwira dzanja. "Mwana wanga, ine anga awiri ali kudambo kwa Nkhoma. Sindinagwetse msozi ngakhale umodzi, ndipo Mulungu anandipatsa asanu. Limba mtima, udzabereka wina."

"Munali ndi zaka zingati, amayi?"

"Naintini."

A Rosina anangoyamba kusisita dzanja langa ndi chala chachikulu.

Tili chomwecho, m'khonde munamveka mfuu. Immaculata anali atangomva kumene. Kwawo ku Siaya maliro sawanong'oneza. Analira mokweza, manja kumutu, akuyenda uku ndi uku pakhomo panga, akuitana Waziri, Waziri, m'chilankhulo chakwawo chimene sindimva ngakhale liwu limodzi. Amayi awiri aja anadzidzimuka, wina anati kamuletseni mtsikanayo, atilaulira. A Rosina anaimirira, anafika pachitseko, anagwira chogwirira. Kenaka anabwerera n'kukhala pansi. Anati, "Musiyeni. Si wakwathu, mwambo sukumukhudza."

Tinakhala anayi chete, tikumvetsera mwana wanga akuliridwa.

Lachisanu, 13 Julayi

Akamutaya lero ku manda a ku Lang'ata. A Reinford ndiwo anayendetsa galimoto, poti ya a Rosina ili ku galaja. Anawatsitsa pa geti n'kutsala m'galimoto, monga mwa mwambo. Akuti anaimika poti aziona, koma mitengo inatchinga. Anangokhala atagwira chiwongolero, maminibasi a kuno otchedwa matatu akudutsa.

Nkhani ya mkati anawasimbira amayiwo pobwerera. Okumba manda a kumeneko ndi amuna olembedwa ntchito, ndipo anali atakumba kale dzenje mwa muyezo wawo, lakuya bwino. A Rosina anakana. Anawauza m'Chingerezi, m'Chiswahili chawo chothyokathyoka, pomaliza m'Chichewa, kuti abwezeremo dothi. Anthuwo anadabwa, akuti chiyambire ntchito sanaonepo ofedwa akudandaula kuti manda akuya. Atakanitsitsa, a Rosina anavula nsapato, anatenga fosholo n'kuyamba kubwezera okha. Amayi enawo anathandiza ndi manja, mmodzi wa iwo ndi dokotala wa zachuma amene amalangiza maboma. Anabwezera mpaka linafika m'mawondo.

Zonsezi kuti ine ndidzaberekenso.

Ndikanakhala Modesta wa masabata atatu apitawo, nkhani imeneyi ndikanaisimba pa maphwando mpaka chaka chamawa.

Nditatsegula loka kufuna tawulo, kachipewa kaja panalibe. A Reinford akuti a Rosina anakapeza dzulo polongedza nsalu zomukulungira. Sanafunse kuti kachokera kuti, sananene za tsoka. Anangomuveka.

Lamulungu, 15 Julayi

Mkaka wabwera. Thupi silinauzidwe. Andipatsa mapiritsi oumitsa, andimanga chifuwa ndi nsalu.

Insulini asiya. Shuga 5.4 popanda jakisoni. BP ikutsika, 140/85.

Dr Mutiso anakhala pa mpando, sanaime. Anati ndidzayezetsenso shuga pakatha masabata sikisi, ndipo chaka chilichonse, chifukwa akhoza kudzabwerera n'kukhazikika. Za pakati pena anazungulira kwambiri, mpaka ndinawathandiza. Ndinati mzere wotsatira ndi wa 45 mpaka 49, ndimaudziwa, kawirikawiri umangokhala ndi kamzere kosonyeza kuti palibe choti n'kulemba. Anati sangandiletse, koma akanakhala mlongo wanga akanandipempha kuti ndisayesenso.

Lachiwiri, 17 Julayi

Tsiku lija lakwana. Akunditulutsa masana ano.

Immaculata anatuluka dzulo, Deborah wayera maso. Anabwera kudzatsanzika mwanayo atamusiya kwa mng'ono wake m'khonde, kuti ndisamuone. Ndinati kamutenge. Ndinamunyamula pang'ono, ndi wolemera, amanunkhira mkaka. Pochoka Immaculata anandigwira phewa n'kuti, "Pole, Mama Waziri." Sindinamuletse.

A Rosina atumiza uthenga kuti adzakhala nafe ku Madaraka sabata ino, akuti pali zina zoti atilangize ine ndi a Reinford. Ndidzamvera zonse. Munthu amene anagwira fosholo chifukwa cha ine sindingamutsutse ndi lipoti. Sindinalire, ndipo iwo akuti ndine wolimba mtima. Sindinawauze kuti njira imene tikuisamalayi palibenso amene adzadutsemo.

M'mawa uno mayi wogawa tiyi anayang'ana pa khadi langa, anaona kuti zoletsa zija azifufuta, n'kundithirira masupuni awiri osandifunsa. Malemu aja ndinawalengeza tsiku loyamba auka. Ndikupepesa kwa abale onse chifukwa cha uthenga wolakwika.

Uthenga woona sudzaulutsidwa, mwambo sulola, ndipo m'chiwerengero simudzalowa. Ndingolemba muno, pansi pa manambala. Ndinali ndi mwana wamwamuna. Anali ndi makutu a bambo ake, ndipo wagona m'kachipewa kachikasu, pafupi kwambiri ndi pamwamba, m'dziko la eni, mwezi wozizira. Wina sadzabwera.

Tiyi uja wazizira pa loka. A Reinford afika, akugogoda ngati kuti muno muli wina amene angadzuke.